Musafulumire Kuchulutsa Madeya Ponenepetsa Ng'ombe ndi Mbuzi

Alimi ambiri akafuna kunenepetsa ng'ombe kapena mbuzi yogulitsa amayamba kuithirira madeya ambiri tsiku limodzi, koma mchitidwewu ndi woopsa. Chifu cha ziweto zobzikula chili ndi zigawo 4, ndipo m'chigawo chachikulu muli tizilombo tomwe timagaya udzu ndi mapesi. Chiweto chikadya madeya kapena chimanga chochuluka mwadzidzidzi, asidi amachuluka m'chifumo n'kupha tizilombo togaya udzu, kotero kuti chimasiya kudya, chimatsegula m'mimba, ndipo nthawi zina chimafa kumene.

Yambani ndi madeya ochepa, n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwa milungu 2 kapena 3, ndipo nthawi zonse muziyamba mwapereka udzu kapena mapesi, chifukwa kubzikula kumatulutsa malovu omwe amachepetsa asidiyo. Mapesi okha alibe mapuloteni okwanira, n'chifukwa chake ziweto zimawonda m'chilimwe ngakhale mimba zitakhuta. Sakanizanimo zotsalira za mtedza, masamba a nandolo kapena a lukina, ngakhale kuti lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, popeza akachuluka amathothola ubweya ndi kubwezera kukula m'mbuyo.

Chiweto chaching'ono chimasandutsa chakudya kukhala mnofu, pamene chokhwima chimangounjika mafuta, omwe kwa ine ndi kuwononga madeya, chifukwa wogula amafuna nyama. Madzi oyera ndi mchere zisasowe m'khola.