Mmene ndinakonzera kayezedwe ka ntchito ya anamwino a m'chipinda cha opaleshoni

Kwa nthawi yaitali ndinkayeza ntchito ya anamwino powerenga maopaleshoni okha, ndipo njirayi inkawapondereza, chifukwa opaleshoni ya mphindi 20 inkaoneka yofanana ndi ya maola 4. Ndinazindikira vutoli nditaona namwino wina atakhala pansi, mapazi atatupa, pomwe m'kaundula munalembedwa kuti wathandiza pa maopaleshoni awiri basi. Zinandikhudza kwambiri.

Ndinakonza fomu yolembapo nthawi imene wodwala walowa ndi kutuluka, komanso nthawi yokonza zipangizo, yowerenga thonje ndi singano dokotala asanatseke bala, ndiponso yoyeretsa chipinda, ntchito zimene kale sizinkalembedwa paliponse. Tsopano ndimagawa anamwino potengera maola amenewa, ndipo amene waima nthawi yaitali ndimamupezera mnzake womulandira kuti akapume.