Kukonza mulu wa manyowa wonyowa ndi wonunkha

Ngati mulu wanu wa manyowa unasiyidwa pamvula mpaka wasanduka matope onunkha ngati dzira lowola, musautaye. Madzi ndiwo atseka mpweya, ndiye tizilombo towoletsa zinyalala taleka kugwira ntchito.

Yambani ndi kuphwasula mulu wonse ndi khasu, muuyale padzuwa tsiku limodzi kapena awiri. Mapulasitiki ndi mabotolo tolani.

Kenako sankhani malo okwera pomwe madzi sadikha. Pansi yalani mapesi a chimanga kapena timitengo kuti madzi azitsika, mpweya uzilowa. Apa ndiye pagona nkhani: sanjikizani manyowa onyowawo ndi zouma, monga udzu, masamba, makoko a mtedza kapena mapesi oduladula. Zouma zichuluke, musaumire. Pakati muziwaza ndowe kapena zitosi za nkhuku kuti mulu utenthe msanga. Phulusa likhale lochepa chabe.

Tapani manyowawo pang'ono mufinye m'manja. Likatuluka dontho limodzi kapena awiri, zili bwino. Madzi akachucha, onjezani zouma.

Fundikani ndi masamba a nthochi kapena masaka akale, ndipo muzike ndodo pakati. Pakatha masiku 3 kapena 4, mukaizula izimveka yotentha. Muzitembenuza masabata 2 aliwonse mpaka manyowawo ade, azifumbutuka m'manja n'kumanunkhira dothi.