Momwe mungapezere mizere yosiyana ndi tebulo lalikulu mu database

Tinene kuti muli ndi golosale yomwe likulu lake lili ku Mbare ndi nthambi ku Highfield, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Tebulo la likulu lili ndi khodi, dzina la katundu ndi mtengo. La nthambi liyenera kufanana nalo ndendende, koma shuga wa 2kg akugulitsidwa pa mitengo iwiri.

Yambani ndi kuona ngati palibe khodi yobwerezedwa, pogwiritsa ntchito SQL, chilankhulo chofunsira database: GROUP BY khodi HAVING COUNT(*) > 1. Khodi ikakhalapo kawiri, JOIN, lamulo lolumikizira matebulo, imachulukitsa mizere ndipo zotsatira zonse zimasokonekera.

Kenako lumikizani matebulo awiriwo:

SELECT n.khodi, n.mtengo, l.mtengo FROM nthambi n LEFT JOIN likulu l ON n.khodi = l.khodi WHERE l.khodi IS NULL OR n.mtengo IS DISTINCT FROM l.mtengo;

Mutuluka katundu yemwe kulikulu kulibe, komanso yemwe mtengo wake wasiyana.

Apa ndiye pamene ambiri amagwera m'mbuna. Amalemba n.mtengo <> l.mtengo, osadziwa kuti mtengo ukakhala NULL, kutanthauza kuti sunalembedwe, SQL siyankha kuti inde kapena ayi. Mzerewo umangosowa mwakachetechete, inu n'kumaganiza kuti zonse zili bwino, chonsecho ndi womwewo umene mumaufuna. IS DISTINCT FROM imagwira bwino m'mapulogalamu a database a PostgreSQL ndi SQL Server 2022. Mu MySQL lembani NOT (n.mtengo <=> l.mtengo).

Mukatero tembenuzani, likulu likhale kumanzere kwa LEFT JOIN, kuti muone katundu yemwe sanafike kunthambi. EXCEPT imathandizanso kufananitsa mizere yathunthu; Oracle imati MINUS, ndipo MySQL inayamba kulandira EXCEPT pa 8.0.31.

Kusiyana kwina n'kwabodza. Khodi ya 00451 ikadutsa mu Excel imasanduka 451. Mpata wotsalira kumapeto kwa dzina muuchotse ndi TRIM. Mitengo isungeni mu DECIMAL(10,2), osati FLOAT, chifukwa FLOAT imasiya tizigawo tosaoneka ndi maso. Ndipo kuno timagulitsa m'madola a America ndi ZiG, ndalama ya Zimbabwe, choncho mtundu wa ndalama ulowenso mu ON, apo ayi mzere uliwonse udzaoneka wolakwika.

Musathamangire UPDATE, lamulo losinthira zimene zili m'tebulo. Sungani kaye kope la tebulo, lembani BEGIN (mu SQL Server, BEGIN TRANSACTION), konzani, werengani mizere yasinthidwa, ikagwirizana ndi imene munapeza ndiye COMMIT, kuti zosinthazo zikhazikike. Magetsi akathima musanafike pamenepo, tebulo limabwerera mmene linalili.