Momwe mungapindulire ndi thandizo la pa koleji musanayambe kusaka ntchito

Ophunzira ambiri amayamba kuganiza za ntchito atavula kale gauni, zithunzi zitajambulidwa, abale atabwerera kumudzi. Apo ndiye kuti mwachedwa. Anthu amene angakuthandizeni ali pa koleji pomwepo, ndipo savuta kuwapeza mukadali wophunzira. Mukangochoka, mphunzitsi yemwe munkapezana naye m'khonde tsiku lililonse mudzamuimbira foni kasanu asanayankhe.

Choyamba, dziwani khomo loti mugogode. Makoleji ena ali ndi ofesi yakeyake yolangiza za ntchito, koma kwathu kuno thandizoli nthawi zambiri limakhala m'manja mwa anthu angapo. Kaya muli ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku Bunda, ku Mzuni kapena ku MUST ku Thyolo, yambirani ku ofesi yoona za ophunzira (ya Dean of Students kapena Director of Student Affairs) mukafunse amene amaona za uphungu wa ntchito. Mukachoka apo kaonaneni ndi mkulu wa dipatimenti yanu komanso mphunzitsi amene amayendetsa za attachment, ndondomeko yotumiza ophunzira kukaphunzira ntchito m'makampani ndi m'maofesi kwa miyezi ingapo. Pitani m'chaka chachitatu, osati sabata ya mayeso otsiriza pamene aliyense mutu uli wotentha.

Musapite chimanjamanja. Lembani CV, ngakhale yosaoneka bwino, musindikize n'kupita nayo. Mlangizi sangakonze chinthu chomwe kulibe. Masamba awiri akwana. Mupempheni kuti aiwerenge ngati bwana amene ali ndi mulu wa makalata patebulo ndipo akufuna kupita kunkhomaliro. Mudzadabwa ndi zimene adzafufute: dzina la mfumu ya kwanu, mpingo, sukulu ya pulayimale, ndi imelo ija ya dzina lachibwana yomwe munatsegula muli Fomu 2. Mudzadabwanso ndi zimene munasiya poganiza kuti n'zopanda pake. Munali msungichuma wa bungwe la ophunzira? Munathandiza mphunzitsi kutolera mayankho a kafukufuku m'midzi? Zimenezo ndi ntchito, zilembeni, ndipo nenani chimene munachita m'malo mongotchula udindo.

Tsopano attachment, pomwe ine ndimaona kuti pagona nkhani. Pafupifupi chilengezo chilichonse cha ntchito chimafuna munthu amene anagwirapo kale, ndipo kwa wophunzira miyezi yochepa imeneyi ndiyo yankho lake. Koleji imapereka kalata yokudziwitsani ku kampani kapena ku ofesi ya boma. Kaitengeni msanga, malo asanadzaze. Funsani woyang'anira attachment kumene anzanu a chaka chatha anapita, ndi kumene anaphunziradi kanthu, chifukwa malo ena mumangokhala pampando kuwerenga nyuzipepala mpaka nthawi yoweruka. Musasankhe malo chifukwa choti ali pafupi ndi kwa azakhali basi, ngakhale tikudziwa kuti ndalama ya minibasi ndi ya chakudya si nkhani yamasewera.

Mukafika kumeneko lembani tsiku ndi tsiku zimene mwagwira, makina kapena mapulogalamu a pakompyuta amene mwaphunzira, ndi vuto lililonse limene munathandiza kuthetsa. Pa intavyu adzakufunsani zomwezi, ndipo pakatha chaka mudzakhala mutaiwala. Tsiku lotsanzika pemphani kalata ya umboni kwa amene amakuyang'anirani, yokhala ndi chidindo. Mukati mudzabwerenso kudzatenga, mudzapeza atasamutsidwa.

Za anthu okuchitirani umboni: mabwana ambiri amafuna atatu. Mmodzi akhale mphunzitsi amene amakudziwani bwino, monga amene anayang'anira kafukufuku wanu wa chaka chomaliza. Mupempheni kaye, ndipo mumpatse CV yanu. N'zochititsa manyazi kampani kuimba foni, mphunzitsi n'kufunsa kuti, "Mwati ndani?"

Mapepala akonzeni musanalongedze katundu. Ku ofesi ya Registrar funsani mmene mungapezere transcript, chikalata choonetsa mmene munakhozera maphunziro anu onse, komanso kalata yotsimikiza kuti mwamaliza maphunziro, poti mwambo wolandira digiri umatha kuchitika patapita miyezi. Ngati muli ndi ngongole ya fizi kapena buku la ku laibulale lomwe simunabweze, thanani nazo, chifukwa zimagwiritsa mapepala. Jambulitsani satifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika, ndipo makope ake akadindidwe ndi Commissioner for Oaths, munthu wololedwa ndi malamulo kutsimikiza kuti makope ndi enieni. A zaumoyo afunse za kulembetsa ku Nurses and Midwives Council kapena ku Medical Council of Malawi, owerengera ndalama afunse za bungwe lawo la ICAM. Aphunzitsi anu anadutsa momwemo, njira akuidziwa.

Intavyu iyesereni. Pemphani mlangizi kapena aphunzitsi awiri akhale mbali inayo ya tebulo akufunseni m'Chingerezi, inu mutavala monga mudzavalire tsikulo. Ambiri tinaleredwa kuti poyankhula ndi akulu tiziyang'ana pansi ndipo tisamadzitame. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma pa intavyu umaoneka ngati mantha. Ndi bwino kuchita chibwibwi pamaso pa mphunzitsi wanu kusiyana ndi pamaso pa gulu la mabwana.

Makampani akabwera pa koleji kudzayankhula ndi ophunzira, pitani ndi CV, funsani funso limodzi lanzeru, tengani dzina la amene wayankhulayo. Lowaninso m'magulu a WhatsApp a omwe anamaliza kale m'dipatimenti yanu, chifukwa mwayi wambiri umamveka kumeneko usanafike mu The Nation kapena The Daily Times. Funsaninso za ndondomeko ya boma yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi ake, yomwe imadzera ku unduna wa zantchito, kuti chilengezo chikadzatuluka mapepala anu adzakhale ali m'envulopu kale.

M'magulu omwewo mumadutsanso zilengezo zabodza. Wina akati tumizani ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa intavyu, musatumize. Jambulani uthengawo, mukauonetse ku ofesi ija munayambira, kuti achenjezenso anzanu.