Rimu ya Aluminiyamu Ikang'aluka Musaimate ndi Timarodi

Mvula ya chaka chino yakumba maenje m'misewu, ndipo maenjewo abweretsa chizolowezi chimene chikufala msanga pakati pa alimi ndi akabaza: kumata rimu yong'aluka ya njinga yamoto ndi timarodi, timitengo tachitsulo tomatira aluminiyamu, tosungunula pa gasi. Pitani pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off tsiku la msika, muwerame pansi muyang'ane marimu a njinga zimene zikudikira katundu. Muona zipsera zotuwa, zina zopalidwa bwinobwino ndi fayilo, zina zopoperedwa penti wakuda kuti zibisike. Mwini wake ukamufunsa amayankha monyadira kuti anakonza yekha kunyumba, sanalipire munthu. Njinga yomweyo aisanjikiza matumba atatu a feteleza wobereketsa, makilogalamu 150, iye nkukhala pathanki, mwana wasukulu nkukwera pamwamba pa matumbawo.

Timaroditi tikugulitsidwa m'mahadiweya ndi m'manja mwa mavenda, ndipo anthu ambiri anationera pa Facebook ndi pa TikTok. Munthu amaboola chitini cha chakumwa, kuchitenthetsa pang'ono, kukhudzitsa karodi, bowo latsekeka. Kenako amamenyapo ndi nyundo kuti muone kulimba kwake. Pamenepo sakunama ayi. Pa chitini, pa poto wodontha, pa chigubu cha mkaka, pa kapaipi kothirira mbewu, timaroditi timagwiradi ntchito ndipo ine sindikuletsani. Koma palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimanyamula munthu pa liwiro la makilomita 60 pa ola.

Vuto lalikulu si karodiko. Vuto ndi moto umene mumayenera kuika pa rimu kuti karodiko kayende.

Marimu oyera a miyendo yonenepa aja, amene akubwera pa njinga zambiri masiku ano m'malo mwa amasipoko, amapangidwa pothira aluminiyamu wosungunuka m'chikombole. Ambiri ndi a mtundu wotchedwa A356, wosakaniza ndi silikoni pafupifupi magawo 7 pa 100 ndi magineziyamu pang'ono. Ikangotuluka m'chikombole, rimu imakhala isanakhwime. Kufakitale amaiika mu uvuni pa madigiri a Celsius pafupifupi 540 kwa maola angapo, nkuiviika m'madzi mwadzidzidzi, kenako nkuiwambanso pang'onopang'ono pa madigiri ongopitirira 150 kwa maola ena. Mphamvu yonse imene rimu imapirira nayo maenje imachokera pa ntchito imeneyi. Mukaitenthetsanso kupitirira madigiri 200, mphamvu ija imayamba kuchoka. Pakati pa madigiri 350 ndi 400 ndi pamene amisiri amafewetsera dala aluminiyamu akafuna kumupinda. Tsono timarodi tanu, tomwe mbali yaikulu ndi zinki, timasungunuka pa madigiri 380 mpaka 400, ndipo kuti tigwire, chitsulo cha rimu chenichenicho chiyenera kufika pamenepo. Kutanthauza kuti pamene mukusangalala kuti karodi kayamba kuyenda, m'pamene mwaifewetsa rimu malo onse ozungulira mng'aluwo. Ikazizira sibwereranso mwakale. Pamafunika uvuni ngati wa kufakitale uja kuti mphamvu imeneyo ibwerere, ndipo mbaula yanu si uvuni umenewo.

Ndatchula mbaula chifukwa anthu akuchitadi. Aluminiyamu amamwaza kutentha msanga kwambiri, ndiye kagasi kam'chitini kaja sikakwanitsa kutenthetsa rimu yolemera makilogalamu angapo. Ukuwotcha apa, moto ukuthawira uko. Munthu akatopa amakoleza makala, nkusanjika rimu yonse pambaula kuti iyambe yatentha. Apa ndiye kuti wafewetsa gudumu lonse, ndi habu yomwe, malo amene mabering'i amayenera kukhala mothina. Wina amapita kwa mnzake wa gasi wa kabaidi, yemwe lawi lake limafika madigiri 3,000. Chitsulo wamba chikamatentha chimafiira, chimakuchenjeza. Aluminiyamu safiira. Amaoneka chimodzimodzi mpaka nthawi imene angofwamphuka nkugwera m'kati, ndipo wa m'marimuyu amayamba kusungunuka asanafike n'komwe pa madigiri 660 a aluminiyamu weniweni. Ena poopa zimenezi amasungunulira karodi m'lawi, nkumadonthezera pa rimu yozizira. Zodonthazo zimangokhala pamwamba, mukhoza kuzitokosa ndi sikuludiraiva nkuchoka zonse.

Ndiye tinene kuti mwachita mwayi, moto mwaupeza bwino, karodi kayenda. Kagwira pati? Aluminiyamu aliyense amakhala ndi kakhungu kosaoneka pamwamba pake, komwe kamapangika akangokhudzana ndi mpweya, ndipo kakhungu kameneka sikasungunuka mpaka madigiri opitirira 2,000. N'chifukwa chake malangizo a timaroditi amati muzikanda ndi bulashi ya waya kapena ndi nsonga ya karodi pansi pa zosungunukazo, kuti khungulo lisweke. Pamwamba mukhoza kukanda. Nanga m'kati mwa mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, momwe mwalowa kale matope, girisi ndi fumbi la mabuleki, mukandamo ndi chiyani? M'katimo mng'alu uli chikhalire. Mwangochita zimene amachita munthu wozira dothi pakhoma long'aluka pamene maziko akutitimira: alendo aona khoma losalala, koma nyumba ikupitabe.

Ndipo mng'alu wa m'rimu sugona. Tayala la mainchesi 17 limazungulira maulendo opitirira 500 pa kilomita imodzi. Nthawi iliyonse pamene malo ong'alukawo afika pansi amapanikizika, akakwera amamasuka. Wakabaza woyenda makilomita 100 pa tsiku watsegula ndi kutseka mng'alu umenewo kopitirira 50,000 dzuwa lisanalowe. Nsonga yake imalowa pang'onopang'ono, ndipo tsopano ikulowa m'chitsulo chimene inu mwachifewetsa. Kale munkatha kuuona ukukula. Pano mwauphimba ndi zinki ndi penti, ndiye mudzaudziwa tsiku lothyoka.

Pali bambo wina wolima mbatata ya kachewere kumtunda kwa Tsangano amene ndinatsutsana naye pa nkhani yomweyi mwezi wa Disembala. Njinga anagula ndi ndalama za mbatata yake yomwe, munthu wolimbikira, kalabu yake imamudalira. Rimu yam'mbuyo inang'aluka patsinde pa mwendo, pamene umakumana ndi habu. Anamata, anapala, anapaka penti, ndipo kunena zoona ntchito ya manja ake inali yaukhondo. Nditamuuza kuti achotse rimuyo anaseka. "Alangizi, inu dziwani za chiwawu ndi feteleza, zazitsulozi tisiyireni. Bambo anga njinga yawo yakapalasa ya Humber inathyoka felemu, anaiwotcherera ndi mkuwa, mpaka lero ikupita kuchigayo." Ndinamuyankha kuti felemu ija ndi chitsulo, mkuwa umalowerera bwino m'chitsulo ndipo chitsulo chofewa chija sichidandaula ndi moto wotero, komanso bambo awo sankatsika phiri pa liwiro la injini. Anati waimva. Sanaimve. Mu Januwale akutsetsereka ndi matumba awiri a mbatata, mwendo uja unathyoka, woyandikana nawo unatsatira, gudumu linapindika nkukakamira. Iye anathyoka fupa la paphewa.

Tawerengani nane zimene zinapita. Rimu ija anaigulabe, yomwe ankaithawa. Anagulanso tayala, chifukwa linang'ambika, ndi tcheni ndi sipuloketi. Mbatata inamwazika m'msewu, yotolayo anagulitsa motchipa chifukwa inasupuka. Galimoto yomutengera kuchipatala analipira. Koma chimene chinandipweteka ine monga mlangizi ndi munda. Masabata amene dzanja linali m'nsalu ndi omwe mbatata yake yadzinja inkafunika kupopera mankhwala a chiwawu motsatana, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, nkhungu ili tolo. Sipuleya ya kumsana sanganyamule ndi phewa lothyoka. Mayi akunyumba anagawikana pakati pa chipatala ndi ana, aganyu ankapopera mongowaza, ndipo pofika Febuluwale masamba anali atapsa. Chimanga chake chinabereketsedwa mochedwa. Zonsezi pofuna kupulumutsa mtengo wa rimu imodzi.

Chizolowezi chathu chozigamba chilichonse chinatithandiza zaka zambiri, sindikukana. Khasu likathyoka timawotcherera, ngolo timawotcherera, pulawo timawotcherera, rimu ya njinga yakapalasa ikapindika timaiwongola ndi nyundo pamwala. Koma manja azolowera chitsulo, ndipo tikuwatengera manja omwewo pa chinthu china. Ming'alu yambiri imene ndikuiona sinayambe ndi dzenje lokha. Dzenje linapinda mlomo wa rimu, mwini wake anatenga nyundo kuti awongole, ndipo aluminiyamu wam'chikombole salola kupindidwa kawiri. Nyundo ndi imene inang'alula. Kenako tayala lopanda chubu likayamba kuphwa usiku uliwonse, m'malo mofunsa kuti mpweya ukutulukira pati, munthu amangoikamo chubu nkumati vuto latha. Kuphwa kuja ndiko kunali kukuuzani kuti rimu yang'aluka, inu mwakutseka pakamwa. Zimatopetsa kunena chinthu chimodzimodzi pa msonkhano uliwonse wa kalabu, anthu nkumagwedeza mitu, sabata yotsatira nkupeza wina ali kalikiliki ndi gasi pakhonde. Wina ndinamupeza akuwotcha tayala lili pa rimu pomwepo, lopopa. Mpweya ukatentha m'katimo tayala limaphulika, ndipo nkhope yake inali pompo, ana atamuzungulira kuonerera.

Palinso zina zing'onozing'ono zimene zimawonjezera. Zinki ndi wolemera kuposa aluminiyamu kopitirira kawiri ndi theka, ndiye chibuluma chimene mwaunjika mbali imodzi chimapangitsa gudumu kunjenjemera likathamanga, mabering'i nkumatha msanga. M'matope ndi m'madzi a dzinja, zitsulo ziwiri zosiyanazi zikagundana zimadyana, m'mphepete mwa chigamba mumayamba kufumbwa. Ndipo tsiku limene mudzaganize zopita nayo kwa mmisiri weniweni, adzakukanani kapena kukutchajani kawiri, chifukwa zinki yense uja ayenera kumupala kaye mpaka atheretu. Zinki amawira pa madigiri 907, makina owotcherera akangomukhudza amathetheka, kusiya timabowo m'chowotchereracho, utsi wake woyera nkumudwalitsa mmisiriyo.

Tsono zoti muchite n'zochepa. Kuchotsa gudumu ndi kuvula tayala sindikuphunzitsani, mumadziwa. Tsukani rimu, pakani parafini pamalo pamene mukukayikira, dikirani alowerere, pukutani mpaka paume, kenako pakanipo choko cha kusukulu. Ngati pali mng'alu, parafini atuluka nkujambula mzere wonyowa pachokopo. Yang'anani kwambiri patsinde pa miyendo, kuzungulira habu, pabowo la valavu ndi m'mphepete monse, kunja ndi m'kati momwe. Mng'alu ukakhala pamwendo kapena pahabu, rimuyo yatha, palibe zokambirana. Ikakhala yakutsogolo, kaya mng'aluwo uli pati, yatha. Kamng'alu kafupi ka pamlomo pa rimu yam'mbuyo kokha ndi kamene mmisiri wa makina a TIG, owotcherera ndi gasi wa argon, angayese: amaboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, kukumba kangalande, kuwotcherera mbali zonse ziwiri, nkuyeza ngati gudumu likuzungulira mowongoka. Amisiri otere muwapeza m'tauni monga ku Lilongwe ndi ku Blantyre, osati wa mawindo ndi mageti uja, ndipo ngakhale iwo moto wawo umafewetsabe malowo. Mukawonkhetsa thiransipoti ndi malipiro ake, nthawi zambiri mupeza kuti bola kugula ina.

Pogula yakaunjika, ikaneni rimu iliyonse ya penti watsopano mbali imodzi, ndipo yendetsani chala m'kati kumva ngati pali potupa. Amene mumayenda misewu yafumbi tsiku lililonse ndi katundu, funsani ngati njinga yanu ingalowe rimu yachitsulo ya masipoko. Imeneyo imapindika m'malo mothyoka, ndipo sipoko ikaduka mumasintha imodzi yokhayo. Mpweya muziyeza ndi geji, osati ndi chala chachikulu. Mlingo wake walembedwa m'buku la njinga kapena pa kapepala komata pafupi ndi tcheni, ndipo tayala lofewa ndi limene limalola dzenje kumenya rimu. Rimu yong'alukayo iduleni ndi sowo musanaigulitse kwa ogula zitsulo zakale pa sikelo. Ngati ndalama palibe lero, imikani njinga, kakongoleni ku banki m'khonde. Popita kusitolo nyamulani rimu yakaleyo, chifukwa pali za mainchesi 17 ndi za 18, komanso bowo la ekiselo ndi kukula kwa diramu ya buleki zimasiyana pa njinga zooneka ngati zofanana.