Akanena kuti mubwerenso naye kudzamuyeza makutu, musakhale phee

Amayi ndi abambo amene ana anu anayezedwa makutu atangobadwa, nkhani yonse yagona pa tsiku lobwerera lija. Kuyeza koyamba sikuchiza kanthu, komanso sikunena kuti mwana ndi wogontha ayi, kumangosankha ana oyenera kuonedwanso mofatsa basi. Ndiye akakuuzani kuti mubwerenso inu nkungokhala pakhomo, kuyeza konse kuja kwapita pachabe.

Nthawi zambiri amayamba ndi makina otchedwa OAE, amalowetsa kachipangizo kofewa mkhutu kamene kamatulutsa kaphokoso nkumvetsera ngati mkati mukuyankha. Khanda la tsiku limodzi kapena awiri mmakutu mumakhalabe timadzi ta mmimba tija, ndiye makina amatha kuonetsa kuti walephera chikhalirecho mwana ali bwinobwino, kulira kwake kapena phokoso la mu wodi nazonso zimasokoneza. Ana ambiri olephera koyamba amadzapezeka kuti akumva. Koma apa mpamene ambiri amasocherera, akamva zimenezi amati aaa nditimadzi chabe palibe chobwererera, chonsecho pa ana 1000 aliwonse, mmodzi mpaka atatu amabadwa ndi vuto losatha la kumva, ndipo oposa 90 pa 100 mwa ana amenewa makolo awo amamva bwinobwino. Zoti kumtundu kwathu kulibe wogontha musazidalire.

Akatswiri amatsata ndondomeko ya 1-3-6: ayezedwe asanathe mwezi umodzi, vuto lidziwike asanathe miyezi itatu, thandizo liyambe asanathe miyezi 6. Si manambala ongolota. Kafukufuku wa ku Colorado ku America amene anatuluka mu 1998 anaonetsa kuti ana amene vuto lawo linadziwika asanakwane miyezi 6 anadziwa chinenero bwino kuposa anzawo odziwika mochedwa. Ubongo wa khanda umayamba kutola chinenero kale kwambiri asanatchule ndi liwu limodzi lomwe, ndipo sudikira kuti makolo apeze mpata. Thandizo lake likhoza kukhala timakina tovala mmakutu, chinenero cha manja, kwa ena opaleshoni yoika kachipangizo kothandiza kumva mkati mwa khutu (cochlear implant), chachikulu nchakuti chinenero chimufike msanga.

Chinanso, kuyeza kwa pa tsiku lobwereralo kotchedwa ABR kumene amamata timawaya pamutu kuti aone ngati mawu akufika ku ubongo kumafuna mwana ali mtulo. Wa miyezi iwiri amangoyamwa nkugona yekha, koma wamkulupo savomera, mpaka nthawi zina amugoneke ndi mankhwala. Tsikulo yesetsani kuti asagone mnjira, mukamuyamwitse mutafika, ndipo pamutu musamudzoze mafuta chifukwa timawayato sitimata.

Zowomba mmanja kumbuyo kwa mwana kuti muone ngati adzidzimuka, ine sindizikhulupirira. Mwana amatha kuona chithunzithunzi chanu, amamva kunjenjemera kwa bedi, mwinanso khutu limodzi likugwira kapena amamva phokoso lalikulu lokha koma mawu olankhula ayi. Ngakhale mwana wosamva amaseka nkumatulutsa timawu miyezi yoyambirira.

Musanatuluke mchipatala funsani tsiku, malo ndi mtundu wa mayeso, zilembedwe mbuku la mwana, ndipo siyani manambala a foni awiri. Abambo izi nzanunso, mayi amene wangochira kumene sangagwire zonse mmutu. Tsiku likakuphonyani musachite manyazi, pitanibe. Anzanga azaumoyo, mawu oti "bweraninso" okha sakwanira, longosolani chifukwa chake, muwaimbire amene sanabwere, ndipo ngati nkotheka muphatikize ndi tsiku la katemera kuti asayende kawiri.

Nawo ana amene anakhoza kuyeza koyamba koma anadwala chikasu chachikulu, matenda oumitsa khosi, anakhala masiku oposa asanu mchipinda cha makanda odwalitsitsa, analandira mankhwala ngati gentamicin kwa masiku ambiri kapena anabadwa ndi kachilombo ka CMV, ayenera kuyezedwanso chifukwa vuto lina limabwera pambuyo pake. Mwana aliyense akafika miyezi 6 osatembenukira komwe kukuchokera mawu, pitani naye, kaya mbuku munalembedwa zotani.