Kuwerengera LA ndi kompyuta kuti mankhwala a malungo asamathe pachipatala chaching'ono

Pazipatala zambiri lipoti la pamwezi limalembedwa mothamanga, n'kutumizidwa kuboma, basi nkhani yatha. Pakapita milungu iwiri LA, mankhwala a malungo, watha, odwala akuuzidwa kuti akagule okha kugolosale. Chonsecho ziwerengero zomwe zikanachenjeza za vutoli zinali m'lipoti lomwelo. Malangizo awa ndi a inu oyang'anira chipatala, osunga mankhwala ndi akalaliki a ziwerengero, kuti muziyamba mwaligwiritsa ntchito nokha lipotilo lisanapite kwa a DHO, ofesi ya zaumoyo ya kuboma.

Zofunika sizambiri: kompyuta ya Excel kapena foni ya Google Sheets, makadi a sitoko olembapo mankhwala olowa ndi otuluka, kaundula wa odwala, ndi mwayi wolowa mu DHIS2, pulogalamu yomwe unduna wa zaumoyo umasungamo ziwerengero za zipatala. Ngati pachipatala panu palibe amene ali ndi akaunti, pemphani a HMIS, osunga ziwerengero za zaumoyo kuboma, akutulutsireni ziwerengero za malungo za miyezi 24 yapitayi.

Yambani ndi kuwerenga zomwe zili pashelefu, osati zomwe zalembedwa pakhadi. Tsiku lomaliza la mwezi anthu awiri awerenge LA yense, mtundu uliwonse pawokha: wa mapiritsi 6, wa 12, wa 18 ndi wa 24. Werenganinso zipangizo zoyezera malungo za mRDT. Zikasiyana ndi khadi, lembani kusiyanako ndi chifukwa chake. Musakonze khadi mwakachetechete kuti ligwirizane ndi shelefu, chifukwa mukatero mwakwirira poboola pomwe mankhwala akutulukira.

Mu Excel mzere uliwonse ukhale wa mwezi umodzi ndi mtundu umodzi wa LA. Mizati ikhale iyi: zotsala kumayambiriro kwa mwezi, zomwe mwalandira, zomwe mwapereka kwa odwala, zowonongeka kapena zotha mphamvu, zotsala kumapeto, ndi masiku omwe mankhwalawo kunalibe. Mzati womalizawu ndi umene anthu amaunyalanyaza kwambiri, pomwe ndi umene umasokoneza maoda ambiri.

Tiyerekeze kuti mwezi wa masiku 30 mwapereka mapaketi 600 a LA wa mapiritsi 24, koma masiku 10 munalibe. Mukalemba kuti chipatala chimafuna 600 pamwezi mwadzinamiza, chifukwa 600 imeneyo inatha m'masiku 20 okha. Chulukitsani 600 ndi 30, mugawe ndi 20, mupeza 900. Imeneyo ndiyo nambala yoyandikira zomwe odwala anafunadi. Mukaoda potengera 600, mudzalandira zochepa, zidzathanso msanga, lipoti lotsatira lidzaonetsa nambala yotsikiratu, ndipo mwezi ndi mwezi chipatala chidzaoneka ngati chikufuna zochepa pomwe anthu akubwezedwa pawindo.

Mukakonza motero miyezi itatu yapitayi, phatikizani n'kugawa ndi 3. Ngati mwapeza 700, 800 ndi 900, avereji ndi 800 pamwezi. Tsopano gawani zomwe zili pashelefu ndi averejiyo: mapaketi 1,200 kugawa ndi 800 ndi mwezi umodzi ndi theka. Nambala imeneyi ndiyo muziyang'ana kuposa ina iliyonse, popeza "tili ndi makatoni ambiri" sikuuza munthu kanthu. Pofuna kudziwa zooda, chulukitsani avereji ndi miyezi yomwe malangizo amati muzisunga, muchotsepo zomwe muli nazo. Ikakhala miyezi itatu, 800 kuchulukitsa ndi 3 ndi 2,400, kuchotsapo 1,200, muoda 1,200. Uzani Excel kuti izipaka kabokosi utoto wofiira nambala ikatsika pansi pa mwezi umodzi, kuti aliyense wotsegula aone pompo.

Avereji ya miyezi itatu ili ndi msampha wake, ndipo msamphawo ndi mvula. Mu Novembala mukuwerengera potengera Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala, miyezi youma yomwe udzudzu umachepa. Mvula ikakhazikika, malungo amakwera kwambiri kuyambira Januwale mpaka cha mu Epulo, avereji yanu n'kutsalira m'mbuyo. Apa ndi pomwe DHIS2 imathandiza zedi. Tulutsani chiwerengero cha opezeka ndi malungo mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri, mujambule galafu ya mzere. Onani kuti chaka chatha Febuluwale anaposa Okutobala kangati. Akakhala kuti anaposa kawiri, lemberani wa famase kuboma mu Novembala momwemo, mumuonetse galafuyo. Pempho lokhala ndi ziwerengero limamveka msanga kusiyana ndi foni yodandaula mankhwala atatha kale. Galafu yomweyo ikuthandizeninso kugawa ntchito: miyezi yomwe mzere wakwera si yopatsa tchuthi onse oyeza magazi nthawi imodzi.

Mwezi uliwonse fananitsaninso nambala zitatu: oyezedwa, opezeka ndi malungo, ndi olandira LA. Opezeka ndi malungo akakhala 500 koma mapaketi otuluka 800, musathamangire kuloza munthu chala. Kawirikawiri LA wa akuluakulu akatha, wodwala mmodzi amapatsidwa mapaketi awiri a mapiritsi 12 kapena anayi a mapiritsi 6, choncho mapaketi amachuluka pomwe odwala ndi omwewo. Sinthani zonse zikhale mapiritsi muone ngati kusiyanako kukadalipo. Kenako funsani ngati LA wopita kwa alangizi a zaumoyo (ma HSA) a zipatala za m'midzi akulembedwa padera, ngati kaundula amalembedwa usiku ndi Loweruka, ndiponso ngati ena sakupatsidwa mankhwala osayezedwa. Zonsezi zikayankhidwa koma nambala n'kumakanabe, ndiye nkhaniyo ipite kukomiti ya chipatala ndi kuboma.

Polowetsa ziwerengero samalani zinthu zing'onozing'ono zomwe zimaononga zonse. Kabokosi kopanda kanthu ndi 0 si chinthu chimodzi: 0 akutanthauza kuti munawerenga simunapeze, pomwe kusiya kabokosi kosalembamo kumasiya wowerenga osadziwa ngati munaiwala. Nambala ikalumpha modabwitsa, monga 85 kukhala 850, bwererani kukaundula musanatumize. Zotsala kumapeto kwa mwezi uno zifanane ndendende ndi zoyambira mwezi wamawa. Onjezaninso mzati wa tsiku lotha mphamvu, musanje mankhwala kuti oyamba kutha akhale kutsogolo kwa shelefu. Omwe mukuona kuti simuwamaliza nthawi yake isanakwane, dziwitsani kuboma msanga apite kuchipatala china chomwe chikusowa.

Magetsi amazima ndipo kompyuta imafa, choncho sungani fayiloyo pawiri, pa flash ndi pa intaneti, ndipo makadi apepala musawasiye. Aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake. Mayina a odwala ndi zithunzi za masamba a kaundula zisapite pa gulu la WhatsApp. Tumizani ziwerengero zokha.

Lipoti lisanachoke, khalani pansi mphindi 30 ndi namwino, wosunga mankhwala, kalaliki ndi mkulu wa ma HSA. Onani tibokosi tofiira, mugwirizane chochita pa kalikonse, mulembe dzina la woti achite ndi tsiku lake. Msonkhano wa mwezi wotsatira uyambe ndi kuwerenga pepala limenelo.